Ndasamuka, Lusungu, Koma Sindikukupeza

Bolero
Lachitatu masana

Lusungu mwana wanga,

Wapita ku Mwazisi kukatsanzika ankhazi ako, alongo a adada ako, ndi kukaona manda a adada ako, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe nyumba ikadali zii. Ukabwera madzulo ano ndikudziwa mmene zikhalire, ngati mmene zakhalira milungu itatu yonseyi, moni wokhawokha: iwe "mwatandala uli, amama," ine "tatandala," basi aliyense kuchipinda kwake. Mawa m'mawa ukukwera minibasi ya ku Rumphi, kenako Mzuzu, Lilongwe, kenako ndege ya ku India, ndipo zaka zitatu za maphunziro si masewera. Pakamwa ndalephera. Ndikati ndiyambe kuyankhula, mawu amatuluka okalipa pomwe mumtima mulibe ukali. Choncho werenga, ndipo uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mizere ngati mmene umachitira ndi mauthenga anga aatali.

Chikwama chako ndachitsegula, usakwiye. Koma iwe, zingwe za kompyuta kuchuluka kuposa zovala! Ukavala mawaya kumeneko? Ndaikamo zitenje ziwiri, chobiriwira chija ndi china chatsopano, komanso singano ndi ulusi. Pasipoti usaiike m'chikwama chachikulu, ikhale pathupi pako. Izi n'zazing'ono, ndangoyambira pamenepo chifukwa zazikulu zikundilemera.

Nkhani yathu ndi imodzi, tonse tikuidziwa. Unafufuta akaunti yako pa tsamba la mchezo lalikulu lija limene dziko lonse lili pomwepo, n'kusamukira ku zatsopano zanuzi. Zithunzi zako zinapita, ndipo pansi pa zithunzizo panali ndemanga za adada ako. Munthu uja sankalemba kalata, ngakhale nthawi imene ankandifunsira sanandilemberepo ngakhale kapepala. Koma chithunzi chako chikangotuluka, woyamba anali iye, kugogoda foni ndi chala chimodzi chija, lilime lili panja. Chimwalirireni iye, Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi ndinkavula nsapato, n'kukhala pakhonde, n'kumawerenga ndemanga zimenezo. Lamlungu lija ndinalemba dzina lako, osatuluka. Ndinalembanso, osatuluka. Utandiuza zimene unachita, ndinakuuza mawu amene mayi sayenera kuuza mwana wake. Ndinati, "Wawaika m'manda kachiwiri adada ako." Iwe unangoti, "Amama, sindinadziwe kuti ndemanga zipita nazo," ine n'kukutembenukira msana. Kuyambira tsiku limenelo wandiitana kawiri kuti ndibwere kumene wasamukirako, ine kukana. Mawa ukupita, ndipo ndikuopa kuti ukakwera ndege tili chonchi, tidzazolowera. Ndisanafike pa mawu amenewo, ndikuuze zolakwa zanga, mwina utolapo kanthu.

Ndinafika kuno ku Bolero ndili msinkhu wakowu, boma litanditumiza kuchokera ku Ntcheu kudzaphunzitsa. Ndinalira mumsewu monse, fumbi lili m'mano. Pasukulu ndinapeza aphunzitsi ena atatu a kwathu kuchigawo chapakati, ndiye tinkakhala tokha pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma, kumaseka mmene anthu akuno amayankhulira, kumawerengera miyezi yoti tidzapemphe kusamutsidwa. Zaka ziwiri zathunthu ndinkagula tomato pamsika mochita kuloza ndi chala. Kenako malungo anandigwetsa nthawi ya tchuthi, anzanga aja onse atapita kwawo. Amene ankanditungira madzi ndi kundiphikira phala anali NyaMhango, mayi woyandikana naye nyumba amene ndinali ndisanamupatsepo moni wogwira mtima. Sabata yonse akundisamalira, ine mawu amene ndinali nawo omuthokozera anali amodzi okha, yewo. Manyazi amene ndinachita, mpaka lero ndimawamva. Ukafika kumeneko, mwana wanga, usakafune Amalawi okhaokha n'kumanga nawo kamsasa. Ukapatse moni woyandikana naye tsiku loyamba lomwelo, ukaphunzire mawu awo khumi ngakhale akuseke. Ndikunena izi ndikudziwa kuti matenda amenewa sanandithere, chifukwa iwenso unandiitanira kumalo atsopano ine n'kukakamira kwakale.

Chaka chimene foni yanga inagwa m'pikapu ya ku Rumphi ndinagula nambala ina, koma akumudzi ku Ntcheu sindinawapatse. Ulesi basi. Ndinkangoti, "Mukandifuna mundipeza patsamba, ine ndimakhala pomwepo tsiku lililonse." Amayi ako aakulu, a Esinati, mkulu wanga amene anandibereka kumsana, anamwalira mwadzidzidzi chaka chomwecho. Amalume ako anaimba nambala yakale, yosagwira. Anafunsa Yohane, mwana wa malemu, kuti, "Kodi a ku Rumphi mwawauza?" Yohane anati, "Ndalemba patsamba, aona, amakhala pomwepo." Sananame, ndinalidi pomwepo. Sabata imeneyo ndinalowa tsiku lililonse. Ndinaona mayi wina wakunja akuphika keke, ndinaona mawigi otsatsa malonda, ndinaona anthu akutukwanizana za mpira. Ndinaona kanema wa mbuzi itakwezedwa panjinga yamoto, ndinaseka mpaka misozi, n'kuonetsa aphunzitsi anzanga. Tsiku limenelo n'limene mkulu wanga ankamuika m'manda. Uthenga wa Yohane unanditulukira tsiku lachisanu, pansi pake pali kale mapepeso a anthu amene sankamudziwa n'komwe. Ndinafika ku Ntcheu nkhata zamaluwa zitafota. Azimayi akumudzi anangoti, "Aphunzitsi afika," osawonjezera kanthu, ndipo bola akanandikalipira. Kwathu uthenga wa maliro umatumidwa munthu, ndipo wotumidwayo sabwerera asanaone nkhope ya amene wamuuza. Ife tinausiyira makina, ndipo woyamba kuusiya ndinali ine.

Ndiye tamvera, Lusungu. Uthenga wa matenda kapena wa maliro usadzaulembe pa tsamba lililonse, lakale kapena latsopano, n'kumati wauza anthu. Uziimba foni mpaka umve mawu a munthuyo. Ukasintha nambala, tsiku lomwelo unditumizire, utumizirenso ankhazi ako ndi amalume ako. Ine ndawauza kale ankhazi ako kuti ndikadzadwala adzakuimbire, asadzabise poti uli pamayeso. Iwenso usadzandibisire. Ukadzagona m'chipatala ine n'kumva patapita mwezi, ndidzakwera ndege ndi ukali wokhawokha.

Ndikukumbuka zimene unanena nditabwera ku maliro aja. Unati, "Amama, tsambalo silikuonetsani zimene abale anu alemba, likuonetsani zimene zingakukhazikeni pamenepo nthawi yaitali." Ndinakuyankha kuti usandiphunzitse ndili pachisoni. Sabata ino m'pamene ndazindikira kuti kusamuka kwako kunayamba tsiku lija unandipeza ndikugubuduka pakhonde foni ili m'manja. Unachoka kumeneko chifukwa cha zimene zinandichitikira ine, ine n'kudzakutukwana chifukwa chochokako.

Tsopano ichi sindinauzepo munthu. Ukudziwa kuti nyengo yolima adada ako ankakhalitsa kumunda ku Mwazisi, ine ndili kuno ndi sukulu. Kulemba kunkawavuta, ndiye ankanditumizira mauthenga a mawu. Zachabechabe: kuti mvula yagwa, kuti nkhuku ndazitsekera kodi, kuti njovu za ku Vwaza zadutsa kumunda kwa mnzawo. Nthawi zina ankaimba, ndi mawu awo oipa aja. Mauthengawo anali odzaza foni. Patapita miyezi itatu chiwaikireni m'manda, foniyo inayamba kuzima yokha, ndiye ndinapita nayo kwa wokonza mafoni pamsika, bambo wa ana awiri tsopano, koma ndinamuphunzitsa sitandade 4. Anandifunsa bwinobwino, "Madamu, tiifulashe? Zonse zili mkatimu zichoka. Munasunga pena?" Sindinamvetse kuti kusunga pena n'kutani. Koma ine mphunzitsi, ndifunse mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo, pamaso pa anthu odikira mafoni awo? Ndinati, "Eee, ndinasunga." Iwe unali ku koleji ku Mzuzu, kukuimbira kukanatenga mphindi imodzi. Ndinabwerera kunyumba ndi foni yoyenda bwino, yopanda kanthu. Utabwera patchuthi n'kupempha kuti umveko mawu a adada ako, ndinakuuza kuti foni inangofa yokha. Ndinakunamiza, mwana wanga.

Choncho Lamlungu lija, amene ndinkamukalipira sunali iwe. Iwe unataya ndemanga chifukwa sunadziwe. Ine ndinataya mawu awo enieni nditafunsidwa, chifukwa cha matama. Ndemanga zija n'zimene zinanditsalira, ndipo zitapita ndinafuna munthu woti ndimusenzetse zonse ziwiri, pafupi panali iwe. Ndikhululukire. Adada ako sunawaike kachiwiri, mawu amenewo ndawabweza, ndipo ndikanatha ndikanawameza. Kumene ukupitako akakuphunzitsa zinthu zazikulu, ndipo tsiku lina munthu wamng'ono kwa iwe adzakufunsa ngati wamvetsa. Udzanene kuti sunamvetse. Ukudziwa kale zambiri kuposa ine, koma mtima wosafuna kuoneka mbuli unautengera kwa ine, ndimauona ukamakangana ndi anzako. Usaiwale, kunena kuti "sindikudziwa" sikupha.

Lolemba ndikuweruka sindinabwere kunyumba molunjika. Unaganiza kuti ndinali kumsonkhano wa aphunzitsi, eti? Ndinapita kwa Temwa, mnzako uja wophunzitsa makompyuta kusekondale. Ndinamupeza akuchapa. Ndinati, "Temwa, ine sindikudziwa kanthu, undifotokozere ngati mwana wa sitandade 1." Anapukuta manja, n'kundipatsa mpando.

Anati, "Madamu, kuno kulibe mwini mmodzi. Pali maseva ambirimbiri, iliyonse ndi mwini wake ndi malamulo ake, koma imalankhulana. Zili ngati mafoni, inu muli kampani ina, ine ina, koma timaimbirana."

Ndinati, "Nanga iyi ukufuna kundilowetsayi, mwini wake ndani?"

Anati, "Ndine."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Temwa, amene timakumana naye pogula bonya, ndiye mwini wake! Iye osaseka. Anati, "Mukakwiya nane mukudziwa pakhomo panga. Kwakale kuja munakadandaulapo kwa ndani?"

Ndiye ndinamupanikiza ndi mafunso, ukundidziwa. Kodi angathe kuwerenga zimene ndalembera munthu mwachinsinsi? Anati atafuna angathe, choncho zachinsinsi ndiziimba foni. Nanga akadzatopa nazo, kapena akadzakwatiwa ku Karonga? Anati adzatiuza nthawi ikadalipo kuti tisamukire seva ina, anthu onditsatira ndidzapita nawo, koma zolemba zakale zidzatsala, ndiye chilichonse chimene ndikuchikonda ndizisunga pandekha. Kodi uthenga wa m'bale ungabisikenso pansi pa mawigi? Anati ayi, zimabwera motsatana ndi nthawi imene zalembedwa, za anthu amene ndasankha ndekha, koma ndikapanda kulowa masiku atatu ndiye ndizitsika pansi kukazifuna. Sanandinyengerere ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ndinamukhulupirira. Ndinati, "Ndilembe." Anati, "Yewo chomene, madamu, mwafika."

Pamenepa pali langizo limene ndikufuna ulisunge kuposa ena. Kulikonse kumene ukaika chinthu chako, uzidziwa amene wasunga kiyi, ndipo uzimufunsa mafunso oipa tsiku loyamba. Mwini nyumba, mkulu wa sukulu, mnyamata amene adzakuuze kuti ndiwe wokongola kuposa onse a ku India. Amene akukwiya ukamufunsa kuti "nanga zikadzavuta?" ameneyo usamupatse kanthu. Pasipoti yako asasunge munthu wina aliyense, ngakhale atakhala wopemphera chotani. Ndipo zithunzi uzitsukitsa, zikhale papepala. Ndabwereza, uzitsukitsa.

Ndisakunamize kuti ndasangalala nako kwatsopanoku. Kuli zii, abale! Ndinalowa Lolemba madzulo, ndinapeza mayi wina wa ku Chiweta waika chithunzi cha usipa uli pathandala, bambo wina akufunsa ngati msewu wa ku Mwazisi ukudutsika, ndi Temwa akukumbutsa anthu kuti pano sitituma zithunzi za ngozi. Basi, zatha. Ndinatsitsa chala, palibenso china. Ndinakhala ngati munthu wofika kutchalitchi belu lisanalire. Anzanga a kwaya onse ali kwakale, amalume ako ali kwakale, ndipo sindikuganiza kuti adzasamuka. Inenso akaunti yakale sindifufuta tsopano, usandikakamize. Pansi pa zithunzi zanga padakali ndemanga zingapo za adada ako, ndipo ndagula kope lachikuto cholimba, ndikukopera imodziimodzi ndi dzanja, ndi zolakwika zawo zomwe. Ndikadzamaliza ndidzaona. Koma ndinazindikira chinthu chimodzi: nditaika foni pansi, dzuwa linali lisanalowe, ndipo ndinakathirira mpiru. Kwakale kuja ndikanadzidzimuka mdima utagwa.

Akuti kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka. Ndawerengera kale. Ine ndikamaweruka kusukulu, iwe kudzakhala kukuda. Ndikamadzuka, iwe udzakhala uli m'kalasi. Tidzakhala tikuphonyana tsiku lililonse, ndipo foni ya mawu sitingaimbe kawirikawiri. Sindikupempha zambiri. Chithunzi cha chimene wadya, cha zenera la chipinda chako, cha nsapato zako zitanyowa ndi mvula. Ndikufuna ndizidziwa kuti kumene uliko kwacha bwanji. Nyumba ino inali ya anthu atatu, mawa itsala ndi mmodzi, ndipo ndakusowa kale iwe uli m'chipinda chinacho. Milungu itatu imeneyi ndakhala ndikumva ukutsegula chitseko, ukutunga madzi, ukuseka pafoni ndi anzako, ine ndili gone kuyang'ana denga, kufuna kukuitana, matama atandiletsa.

Uzidya, wamva? Ukayamba kuwerenga umaiwala m'mimba. Zakudya zawo akuti n'zowawa tsabola, uyambe pang'onopang'ono. Upeze kopemphera, ngakhale kukhale kutali. Ukadzalakwira mnzako usadikire milungu itatu ngati amako.

Tsopano vuto langa ndi ili. Nditalowa, chinthu choyamba ndinalemba dzina lako pofufuzira. Panatuluka a Lusungu awiri, wina wa ndevu, wina wa ku Zambia. Ndinabwerera kwa Temwa dzulo. Anati iwe suli pa seva yake, uli pa ina ya atsikana ophunzira zamakompyuta, ndipo kuti ndikupeze pafunika adiresi yako yonse, dzina lako ndi dzina la seva yakoyo, osati dzina lokha. Ndinati, "Ndiye ndipatse, si ukuidziwa?" Anati, "Ndikuidziwa, madamu, koma akupatseni yekha." Ndinamukalipira, ndinamukumbutsa kuti ndine wa msinkhu wa amake. Anangoti, "Pepani chomene," osasuntha. Pobwerera ndinakwiya mpaka pamsika, kenako ndinaona kuti mwanayo akunena zoona. Unandiitana kawiri ndinakana, ndiye sindingalowere pazenera.

Ndalembapo kale chinthu chimodzi kumeneko. Pa ndemanga zonse zimene zinapita, pali imodzi imene ndinaiwerenga kambirimbiri mpaka inakhala m'mutu, ya pansi pa chithunzi chako cha tsiku lomaliza maphunziro a sekondale, utavala diresi lalikulu lija lobwereka. Sindikudziwa ngati unaiona, tsiku limenelo ndemanga zinali zambiri. Ndaiika m'Chichewa kupatula poyambira, poti Chitumbuka changa cholemba ukuchidziwa. Adada ako analemba kuti: "Mwana wane uyu. Nkhope ndi ya amake, nzeru ndi zanga, mtima wouma tinachita kusonkherana. Kulikonse kumene adzapite, adzatiuza kuti wafika."

Zili pamenepo chilembereni, ndipo wonditsatira ndi Temwa yekha. Kumunsi kwa pepala lino ndasiya malo. Ulembepo adiresi yako yonse, ndi zilembo zazikulu, maso anga ukuwadziwa. Ung'ambe, uike pansi pa chitini cha shuga. Ngati mtima ukadali kuwawa, pita nalo pepala lonse, sindidzakufunsa, ndipo kukwera minibasi ndikuperekeza ndithu, chikwama ndikunyamulira. Koma ndikabwerako kusiteji, ndisanavule nsapato, ndidzanyamula chitinicho.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere.

Ndine amako,
amene unatengera mtima wouma.